Nati Yaikazi

"Ndiye kuti chitseko cha kabati yanga chidzakonzedwa inenso ndikadzakhala wamasiye?"

Make Gologolo anafunsa funsoli ataima pakhomo la kuseri, mwana ali kumsana, thaulo lonyowa lili paphewa. Mwamuna wake sanadzutse n'komwe mutu. Anali atagwada pasimenti akupala dzimbiri ndi bulashi ya waya, fumbi lofiira likumuthothokera m'maondo.

"Pakamwa pakopa," anatero, "tsiku lina padzakuitanira zimene sukuzifuna."

Chimene ankapalacho chinali chowotchera nyama cha gasi, cha malemu mng'ono wake. Chinabwera pangolo kuchokera kwa mlamu wake wamasiye, amene ankachita lendi kumapeto kwa msewu womwewo. Chinali chachitali ngati tebulo, chivindikiro chili chopindika, mwendo umodzi ulibe tayala. Malemuyo ankawotcherapo nkhuku pasiteji ya basi mpaka matenda anamugwetsa, ndipo nyengo yonse ya chipatala ndi maliro chinangokhala pamvula. Tsopano wamasiyeyo ankafuna kuyambiranso geni ija kuti mwana wake wamkazi asasiye sukulu.

Make Gologolo anati bwalo lake lasanduka kotaya zitsulo. Anati mwana akukwawa ndipo chilichonse chimene watola chimathera m'kamwa. Anatinso gasi si choseweretsa, iye anamvapo za nyumba yomwe inapsa ndi anthu omwe. Mwamunayo anayankha kuti ntchito yake ndi yokonza mafiriji, gasi amamugwira tsiku ndi tsiku ndipo sanaotchepo nyumba ya munthu. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kuli bwino kumupatsa mlamu chogwira m'manja kusiyana n'kumamutumizira shuga ndi sopo mpaka kalekale.

"Chaona mnzako chapita," anawonjezera, "mawa..."

"Musamalize. Mwambi umenewo mukanene kwa mlamu wanuyo, ine musandilosere."

Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Koma ali m'khitchini anamva chimene chinkamuwawa kuposa dzimbiri ndi gasi yemwe: mwamuna uja anali atayambiranso kuimba mluzu. Chibadwire Gologolo, mluzu umenewo unali usanamvekepo m'nyumbamo. Munthu ankangofika, kusamba, kudya, kumugwira mwana patsaya n'kugona. Lero chitsulo chovunda chinali chitamubwezera nyimbo.

Masabata otsatira, Loweruka lililonse linakhala la chowotchera. Mtundu wake unasiya kupangidwa kalekale, ndiye kuhadiweya ankangomuseka mwamunayo n'kumuuza kuti agule chatsopano. Iye ankalawirira kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kubwerako manja ali bii, thumba likulira ngwerengwere. Mipope yotulutsa moto inali itadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Anapeza ina yaitali, anaidula n'kuitseka kumapeto. Mabatani opotokola anawazula pa chitofu chakufa. Paipi ya labala yokha ndiyo anagula yatsopano. Tayala losowa lija analichotsa pa kangolo kophunzirira kuyenda ka Gologolo, kamene kanathyoka chogwirira.

"Kangolo ka mwana wanu mwakaphera mlamu," anatero Make Gologolo.

"Kanali katafa kale. Ndangokatengako mwendo."

Wamasiyeyo ankabwera dzuwa likakwera. Ankayamba wagogoda kukhitchini, kupereka moni wa ulemu, "Mwadzuka bwanji, achemwali," n'kumunyamula Gologolo, kenako n'kupita kuseri. Kulakwa kwake kunalibe, ndipo n'zimene zinkamupsetsa mtima Make Gologolo. Anali wowonda, wa khosi lalitali, ndipo zovala zakuda zinkamukhala ngati anabadwa nazo. Make Gologolo ankadziyang'ana yekha, mimba yosabwerera, bulauzi yonunkha mkaka, n'kumatsuka kapu imodzimodziyo pawindo uku akusuzumira.

Kunjako sankagwirana ngakhale chala. Ankangocheza za malemu. Wamasiyeyo ankaloza pachivindikiro pamene panapindika n'kunena kuti malemu anapamenya ndi sipanala tsiku limene kasitomala anathawa ndi ntchafu ya nkhuku. Mwamunayo ankaseka mpaka kukhala pansi, n'kukumbutsa kuti mng'ono wake anali wamtima wapachala chiyambire ali mwana. Nthawi zina kusekako kunkaduka, onse n'kungokhala chete akuyang'ana chitsulocho. Make Gologolo ankaona kuti kusekako angakupirire. Chete ameneyo ndiye ankamupweteka, chifukwa munalibe malo ake.

Tsiku lina masana anazindikira kuti mwana wakhala duu kwa nthawi yaitali. Anamupeza pansi pa chowotchera, tsaya lili tumbii. Anamupisa chala m'kamwa n'kutulutsa kachitsulo kachikasu kodzaza malovu. Anakuwa, mwana nayenso n'kuyamba kulira, mwamuna n'kuthamanga kuchokera kumpopi.

Tsiku limenelo sanayankhe mwamwano. Anamunyamula mwana n'kumutonthoza, anapepesa, anasesa bwalo lonse n'kuika tizitsulo m'chitini chotseka. Kenako anakhala pambali pa mkazi wake pakhonde, phewa kukhudza phewa, n'kumuika kachitsulo kaja m'dzanja.

"Wakuba wathuyu amadziwa kusankha," anatero. "Ntchito yonse yaima chifukwa cha kameneka."

Anamufotokozera kuti ndi nati yolumikiza paipi ndi chowotchera. Anamuonetsa mazinga a m'kati, mmene anaperepesekera, n'kunena kuti ukaimanga gasi amapita m'mbali. Anati ya mazinga m'kati amaitchula yaikazi, ya mazinga kunja yaimuna. Vuto linali lakuti za gasi zimamangira kumanzere, pamene za mipopi ya madzi zodzaza m'mahadiweya zimamangira kumanja, ndiye sizilowana.

"Zitsulonso zimakwatirana?" anafunsa Make Gologolo, kuseka kukumutulukira mosafuna.

"Zimakwatirana. Ukazikakamiza zimasudzulananso."

Anaifumbata natiyo, yofunda ndi dzanja la mwamuna wake. Ankafuna kunena kuti wamusowa, ngakhale amagona bedi limodzi. Akufunafuna poyambira, foni inalira. Anaona dzina pagalasi asanaitenge mwiniwake. Mwamunayo anaimirira, anamutenga nati ija m'dzanja osamuyang'ana, n'kumayankha akupita kuseri: "Ee, alamu, ayi, sinapezekebe."

Sabata yotsatira kunabwera apongozi, mayi a mwamunayo, kudzaonana ndi dokotala za kuthamanga kwa magazi. Anali mayi wamkulu thupi, wa makutu akuthwa, amene sanamukhululukire mpongozi wamasiyeyo chifukwa chokhala moyo mwana wawo atapita. Ankati sanamusamale. Ankatinso munthu wolira mwamuna sayenda khosi lili njo.

Madzulo a tsiku lina awiriwo anakhala pabalaza, apongozi atatambasula miyendo pampando, Make Gologolo akuyamwitsa. Windo linali lotsekula. Kuseri mwamunayo ankalankhula pafoni ndi wogulitsa zitsulo zakale, mokweza monga amachitira anthu ozolowera phokoso la ntchito.

"Ayi, achimwene, yaikazi. Yomwe ndili nayo kunyumbayi yatha, siikugwiranso. Ndipezereni ina. Ngakhale yogwirapo kale ntchito, bola ikhale yolimba. Ee. Mlamu watopa n'kudikira."

Apongozi anatsitsa miyendo pansi pang'onopang'ono.

"Akuti chiyani ameneyu? Wayamba kutchula mkazi wake ngati mbuzi ya pamsika?"

Mawu amodzi okha akanakwanira. Make Gologolo anawamva akukwera kukhosi: nati, amayi, akunena nati. Koma mawu ena aja anali atamulowa kale. Yatha. Siikugwiranso. Ankadziwa bwinobwino kuti akunena chitsulo, komabe anamubaya ngati akunena iye, ndipo misozi imene inagwera pamutu pa mwana sinali yonamizira.

"Mwadzimvera nokha, amayi," anatero.

Apongoziwo sanamufunse mwana wawo. Anati mwamuna ukamufunsa amakonza bodza, bwino kumusiya ayambe waonekera. Koma nkhani sanaisunge. Anaimbira mwana wawo wamkazi. Anauza mayi woyandikana nawo pamzere wa kuchipatala, amene anapezeka kuti ndi mchemwali wa eninyumba a wamasiyeyo. Pofika Lachinayi, amayi a pasaluni anamuitana Make Gologolo akudutsa, anamukhazika pansi n'kumuuza kuti alimbe mtima, amuna ndi ana. Nkhaniyo inali itamera nthenga: ena ankati awiriwo anawaona kumsika atagwirana manja, ena ankati zinayamba malemu akadali m'chipatala. Iye sanavomere. Sanatsutsenso. Anangokonza mwana kumsana n'kuthokoza.

Kunena zoona, sabata imeneyo anagona bwino. Anthu ankamupatsa moni wautali. Apongozi ankamulandira mwana kuti apume. Kwa nthawi yoyamba chibwerere chitsulo chija, wina ankayang'ana iye.

Loweruka mwamunayo anabwera asanafike masana, akuyenda ngati wapambana mpikisano. Nati inali itapezeka, pa chitofu chakale cha m'lesitilanti ina yomwe inatsekedwa. Anaimbira mlamu wake kuti abwere adzaone. Wamasiyeyo anafika nkhope ili yakugwa. Anati anthu mumsewu akumuyang'ana modabwitsa, ndipo eninyumba sanamuyankhe moni, koma mwamunayo sanamve n'komwe. Anamanga natiyo cha kumanzere, anatsekula silinda ya gasi, anapaka thovu la sopo molumikizira monse. Onse anawerama kudikira. Thovu silinafufume. Anapotokola batani n'kuyatsa machesi, ndipo moto wabuluu unathamanga mumpope wonse n'kuima mwakachetechete.

Wamasiyeyo anagwira pakamwa. Misozi inatsika, iye akuseka.

"Mmene ankayakira," anatero. "Ndendende."

Apa n'kuti apongozi akutuluka, atanyamula mpando wawo okha. Anaukhazika pakati pa bwalo, anakhala, anakonza nsalu pamaondo. Kumpanda kunali kutaoneka kale mitu ya anthu.

"Wayaka, eti? Chabwino. Tsopano iwe, ndiuze. Mwana wanga mmodzi sanakukwane?"

Poyamba palibe anamvetsa. Apongoziwo anaiyala nkhani yonse, osasiya kanthu: za Loweruka lililonse, za kuseka kuseri kwa nyumba ya mwini, za mpongozi wawo amene akuwonda ndi maganizo mwana ali kubere. Anati anaika mwana mmodzi m'manda, sangaonerere banja la wotsalayo likuikidwanso. Kenako anabwereza mawu a pafoni aja, limodzilimodzi, momveka mpaka kumpanda.

Mwamunayo anaseka. Anaseka zenizeni, mpaka kugwira bondo. Anatsekula chitini, anatulutsa nati yakale n'kuiika m'dzanja la mayi ake, n'kuwaonetsa mazinga operepeseka. Anati yaikazi ndi imeneyi, yogwirapo kale ntchito ndi iyo ili pachowotcherayo, ndipo akafuna aimbe foni kwa wogulitsa zitsulo pompano.

Apongozi anaiyang'ana natiyo ngati ndowe ya nkhuku.

"Wogulitsa zitsuloyo si mwamuna mnzako? Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe. Ine ndinakwatiwapo ndi bambo ako, zining'a za amuna ndimazidziwa. Ngati chinali chitsulo, mkazi wako ankalira chiyani?"

Kuseka kuja kunazima. Mwamunayo anatembenukira kukhomo la khitchini kumene mkazi wake anaima, mwana ali m'manja.

"Unalipo?"

Make Gologolo anakonza mwana m'manja.

"Auze, nanga. Si iwe unaichotsa m'kamwa mwa mwana? Si tinakhala apa, ine n'kukuonetsa? Auze amayi."

Bwalo lonse linali zii, kupatula kamluzu ka gasi. Make Gologolo anaona maso a kumpanda, maso a amayi a pasaluni amene anamuuza kuti alimbe mtima. Anaona apongozi, amene akanachita manyazi pamaso pa msewu wonse ndipo sakanamukhululukira mpaka kufa. Anaona moto wabuluu, ndipo anaona Maloweruka onse am'tsogolo: silinda yatha, alamu, batani lathyoka, alamu, tabwerani mudzaone, alamu. Anaona wamasiyeyo, misozi ya chimwemwe isanaume pamasaya, akumuyang'ana mwachidaliro ngati mwana wodikira kuti amayi anene kuti si iye waswa mbale.

"Ine za zitsulo ndizidziwira kuti?" anatero.

Kumpanda wina anatsonya. Apongozi anaponya natiyo pasimenti, inagubuduka n'kukalowa m'ngalande. Anati utsi sufuka popanda moto, ndipo chowotcheracho ndi cha mwana wawo, sichituluka pabanjapo.

Wamasiyeyo sanadziteteze. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango.

"Zimitsani, alamu, gasi akungotha." Anadikira mpaka moto utazima. Kenako anayenda kufika pakhomo la khitchini, anatsitsa mawu kuti amve awiri okha. "Achemwali, mukanangondiuza kuti ndisamabwere. Ndikanamva."

Anamugwira Gologolo kuphazi, n'kutuluka pageti anthu akumupatukira ngati wanyamula matenda.

Zotsatira zake sizinachedwe. Eninyumba anauza wamasiyeyo kuti atuluke, ati nyumba yawo akufuna kuikonza. Mwana wa wamasiyeyo anabwera kusukulu akulira chifukwa cha zimene anzake ankamuimbira. Apongozi atangobwerera kwawo, mwamunayo anakweza chowotchera pangolo masanasana, kuti aliyense aone, n'kuchikankha yekha mpaka kumapeto kwa msewu. Anapeza pawindo la mlamu wake palibe makatani. Palibe ankadziwa kumene asamukira, ndipo foni yake inali yothima. Anachibweza, anachiimika kuseri n'kuchifunditsa lona.

Kuyambira pamenepo ankafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Loweruka ankakhala pakhomo, akusewera ndi mwana pamkeka. Sanamukalipire mkazi wake ngakhale kamodzi, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Anangoyamba kumulankhula mwaulemu, ngati kasitomala. "Mwaswera bwanji." "Zikomo, ndakhuta." Amayi a pasaluni anati waona, wabwerera m'khola, mwamuna amafuna kumuopseza. Make Gologolo ankamwetulira. Koma ankaona kuti nsapato za mwamuna wake zikubwera ndi matope a mitundu imene kuntchito kwake kulibe, ndipo anamvapo akufunsa woyendetsa minibasi wina pageti ngati sanaoneko mayi wowonda wa zovala zakuda, woyenda ndi kamtsikana. Anali akumufunafuna.

Patapita masabata angapo, Gologolo anatentha thupi, ndipo kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, kutsidya kwa tauni. Anapezeka kuti ndi mano chabe. Pobwerera Make Gologolo anakwera minibasi padepoti ya kumeneko n'kukhala pawindo, kudikira kuti idzaze. Ogulitsa malonda ankazungulira, akugogoda magalasi. Beseni la nthochi linafika pawindo lake, litasenzedwa pamutu, ndipo pansi pake panali khosi lalitali lija.

Anali atada ndi dzuwa, milomo itasweka. Kumbuyo kwake kamtsikana kaja kananyamula madzi a m'mapepala m'chidebe, nthawi ya sukulu.

Make Gologolo anafuna kubisa nkhope kumbuyo kwa mwana, koma anali ataonana kale. Gologolo ndiye anayamba: anatambasula manja pawindo n'kumadumpha. Wamasiyeyo anatsitsa beseni, anasankha nthochi yakupsa bwino, anaisenda theka n'kumupatsa m'manja.

"Wakula," anatero. "Mano atuluka?"

"Akutuluka."

"Muzimupukuta nkhama ndi kansalu kozizira. Zimathandiza."

Make Gologolo anapisa dzanja m'chikwama, koma wamasiyeyo anapukusa mutu, anasenza beseni n'kupita pawindo lotsatira. Minibasi inanyamuka. Njira yonse ankabwereza m'mutu mmene akanenere: ndawaona, ali padepoti ya kuchipatala, mwana sakupita kusukulu, tengani chowotchera chija mukawapatse. Anali mawu ochepa. Anawakonza, anawasalaza, anafika nawo mpaka pageti.

Mwamuna wake anali pakhonde. Anaimirira msanga, anamulandira mwana n'kumugwira pachipumi, n'kufunsa zimene adokotala anena. Atamva kuti ndi mano, nkhope yake inamasuka, ndipo anamwetulira, kumwetulira kwenikweni, koyamba chichitikire zija. Make Gologolo anaganiza mmene nkhope yomweyo iwalire akamva mawu ali pakamwa pakewo, mmene athamangire kukafuna ngolo osadya n'komwe, mmene mluzu uja ubwererere. Ubwerere chifukwa cha wina.

Mwamunayo anachotsa khoko m'kadzanja ka Gologolo, limene mwanayo anali atalifumbata njira yonse.

"Nanga bwanayu nthochi wamupatsa ndani?"

Make Gologolo anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pambali pa chitseko.

"Ndagula," anatero.